Mbuzi zopanda mwini, kumwamba ndi pansi pa nyanja

Lolemba pa 13 Meyi 2024 ndinalawira m'mamawa, kumtunda shati yosita bwino, kumunsi kabudula wanga wa masiku onse, n'kukhala pa tebulo la pabalaza kudikira msonkhano wa pa Zoom. Nkhani yake inali ya kusintha kwa nyengo. Okonza msonkhanowo, bungwe lina lakunja, anali atadzitama ndithu m'kalata yoitanira anthu: chaka chino palibe akwere ndege, tonse tikumana pa intaneti kuti tisawonjezere utsi mumlengalenga. Ine ndinagwirizana nazo ndi mtima wonse. Bandulo ndinali nditaguliratu Loweruka, mfundo zanga zili papepala, tiyi ali pambali.

Nthawi itakwana, nkhope ya wapampando inatulukira pa kompyuta, pakamwa pali yasa, n'kuumira pomwepo. Kachizindikiro kaja kanayamba kuzungulira. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, ndinatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango pomwe netiweki imagwirako, ndinanyoza kampani ya foni chamumtima. Ndinkailakwira. Vuto linali kutali kwambiri: dzulo lake, Lamulungu, zingwe ziwiri za intaneti zoyalidwa pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinali zitaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, chakumpoto kwa Durban. Tanzania, Mozambique, Malawi, Kenya, Uganda ndi Rwanda tonse tinali chokwawa. Ku Dar es Salaam ofesi ya kazembe wa America inachita kutseka masiku awiri. Anzathu a ku Ulaya anapitiriza msonkhano wawo bwinobwino, ndipo patatha sabata anatitumizira mfundo zomwe akuti tonse tinamanga.

Akatswiri ambiri anakayikira nangula wa sitima yapamadzi. Ndipo tinagwa msanga chonchi chifukwa tinali tikuyenda kale ndi mwendo umodzi. Mu Febuluwale chaka chomwecho zingwe zina zitatu zinaduka m'nyanja ya Red Sea, ndipo chala chinaloza Rubymar, sitima yonyamula feteleza yomwe gulu la Houthi la ku Yemen linaiombera. Ogwira ntchito m'sitimayo anaponya nangula n'kuthawa, iyo n'kumangoyandama ikukhwekhwereza chitsulocho pansi pa nyanja mpaka inamira kumayambiriro kwa Malichi.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya utsi wa ndege ndi nkhani ya zingwe za pansi pa nyanja ndimaziona ngati nkhani imodzi. Choyamba, aliyense wotiuza kuti tichepetse maulendo apandege akutiuza kuti tikwere zingwezi, chifukwa pafupifupi uthenga wonse wodutsa pakati pa makontinenti umayenda m'menemo, osati pa setilaiti monga ambiri amaganizira. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, matenda ake ndi amodzi. Zonsezi zimachitikira malo omwe si a dziko lililonse, ndipo lamulo lomwe tili nalo limalondola mbendera yomwe yapakidwa pa chombo, osati munthu amene wapwetekedwa.

Kumudzi kwathu mbuzi ikalowa m'dimba la munthu n'kumaliza mpiru, mwini dimba amaigwira, kuimangirira pamtengo, n'kukanena kwa amfumu. Pabwalo safunsa ngati mbuziyo inali ndi cholinga. Safunsanso ngati chingwe chinaduka chokha kapena mwana anaiwala kutseka khola. Funso limakhala limodzi: mbuziyi ndi ya yani? Mwini wake amalipira, kaya ndi nkhuku kaya ndi ndowa ya chimanga. Ngati zamveka kuti anachita kuitsekulira dala usiku chifukwa cha chidani, umenewo ndi mlandu wina, waukulu kuposa woyambawo, koma mwini dimba sadikira kuti mlandu wachiwiriwo uthe kuti alandire chipukuta misozi cha mpiru wake. Agogo athu osapita kusukulu anazindikira zimenezi. Mayiko okhala ndi maloya zikwizikwi akulephera.

Taonani zomwe zinachitika ku Finland. Pa Khirisimasi ya 2024, sitima yonyamula mafuta yotchedwa Eagle S inali itanyamuka padoko la Ust-Luga ku Russia. Ikudutsa m'nyanja ya pakati pa Finland ndi Estonia, chingwe chamagetsi cha Estlink 2 chinaduka, pamodzi ndi zingwe zinayi za intaneti. Apolisi ndi alonda a m'malire a Finland sanazengereze. Anatsikira m'sitimayo pa helikopita, anailondolera kugombe kwawo, ndipo anapeza kuti nangula mmodzi palibe. Pansi pa nyanja panali mkwasa wautali makilomita pafupifupi 90, ndipo nangulayo anamuvuula mu Januwale. Kukonza zowonongekazo kunadya ndalama zosachepera mayuro 60 miliyoni, ndipo Estlink 2 inakhala yosagwira ntchito pafupifupi theka la chaka. Kaputeni, mbadwa ya ku Georgia, ndi omuthandizira awiri a ku India anaimbidwa mlandu. Iwo anati nangulayo anachita kupulumuka yekha chifukwa cha vuto la makina, ndipo sanadziwe.

Mbuzi yagwidwa m'dimba, masamba ali kukamwa. Ndiye pa 3 Okutobala 2025 khothi la ku Helsinki linathetsa mlanduwo, linati Finland ilibe mphamvu yoweruza nkhaniyi. Chifukwa chake n'chakuti zingwezo zinadukira kunja kwa malire enieni apanyanja a dzikolo, ndipo malinga ndi pangano la United Nations la malamulo apanyanja la 1982, ngozi yokhudza kayendedwe ka sitima m'madzi oterowo imaweruzidwa ndi dziko lomwe mbendera yake ili pa sitimayo, kapena dziko lomwe oimbidwa mlanduwo amachokera. Eagle S inali ndi mbendera ya Cook Islands, tizilumba ta m'nyanja ya Pacific ta anthu pafupifupi 15,000, mbali ina ya dziko lapansi. Kampani yake inalembetsedwa ku United Arab Emirates. Boma la Finland linauzidwanso kuti libweze ndalama zomwe oimbidwa mlanduwo analipira maloya. Mwini dimba walipira mwini mbuzi.

Oweruza aja sindikuwada. Anawerenga zomwe zinalembedwa. Cholakwika chili m'zolembedwazo. Dziko limalamulira mokwanira makilomita 22 okha kuchokera pagombe lake. Kupitirira apo, mpaka makilomita 370, nsomba ndi mafuta apansi ndi zake, koma sitima za eni zimadutsa mwaufulu. Ndime 113 ya pangano la 1982 imangoti dziko lililonse likhazikitse lamulo lolanga sitima zake ndi nzika zake zikadula chingwe. Mayiko ambiri sanavutike n'komwe kulemba lamulolo, ndipo ena omwe analemba analisiya kuti lichite nkhungu: lamulo la America ndi la m'chaka cha 1888, ndipo chindapusa chachikulu kwa wodula chingwe mwadala ndi madola 5,000, pomwe kukonza chingwe chimodzi kumafika madola miliyoni kapena kuposa. Chodabwitsa n'chakuti makolo a nthawi ya telegalafu anali olimba mtima kuposa ife. Pangano la ku Paris la 1884 linalola sitima zankhondo kuimitsa chombo chokayikiridwa n'kuona mapepala ake, ndipo mu 1959 asilikali apamadzi a America anagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi kukwera sitima yausodzi ya Soviet Union yotchedwa Novorossiysk kufupi ndi Newfoundland.

Nanga mbendera yomwe tikuipatsa ulemu wonsewu ndi chiyani? Masiku ano ndi malonda. Mwini sitima akhoza kukhala ku Dubai kapena ku Athens, n'kugula mbendera ya Panama, Liberia kapena Marshall Islands osapondako phazi. Sitima zomwe zimazembetsa mafuta a Russia ndi Iran zimasintha mbendera ngati malaya. Nkhaniyi inatifika pakhomo mu 2025, pamene olemba nkhani za sitima anaulula kuti zina mwa sitimazi zikuyenda ndi mbendera ya Malawi yachinyengo, yotengedwa kwa akathyali odzitcha ofesi yolembetsa sitima ya dziko lino. Tangoganizani. Imodzi mwa sitima zoterozo itadula chingwe m'nyanja ya Baltic, kumpoto kwa Ulaya, oweruza n'kutsegula buku lija, adzapeza kuti dzina lolembedwa kumbuyo kwa sitima ndi lathu, ife amene sitima yathu yotchuka ndi Ilala ya 1951. Lamulo lomwe latsamira pa kansalu kogulika pa intaneti ndi lamulo lomwe lasiya chitseko chosatseka.

Pomwe dziko lovulazidwa lili ndi mphamvu, milandu imayenda. Mu Febuluwale 2025 sitima ya Hong Tai 58, ya mbendera ya Togo, inadula chingwe cholumikiza Taiwan ndi zilumba za Penghu. Zinachitikira pafupi ndi gombe, ndipo pofika Juni kaputeni wake, nzika ya China, anali atagamulidwa zaka zitatu m'ndende. Pomwe mphamvu ili kwa mwini mbendera, zimakhala ngati za Yi Peng 3, sitima ya ku China yomwe inakayikiridwa pa zingwe ziwiri zomwe zinaduka ku Baltic mu Novembala 2024. Inaima pafupifupi mwezi m'madzi a Kattegat, pakati pa Denmark ndi Sweden, asilikali a Denmark akungoiyang'ana. China italola, akuluakulu a mayiko a ku Ulaya anakwera ngati alendo oonerera chabe, woimira boma la Sweden pa milandu sanaloledwe, ndipo sitimayo inapitiriza ulendo.

Pali anthu anzeru amene amatsutsa zomwe ndikunenazi, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Amati zingwe zimaduka maulendo 150 mpaka 200 pachaka padziko lonse, ndipo zambiri zimadulidwa ndi makoka a asodzi ndi anangula mwangozi, zina ndi zigumukire zapansi pa nyanja monga zomwe zinaganiziridwa pa zingwe za kumadzulo kwa Africa mu Malichi 2024. Si chingwe chilichonse choduka chomwe ndi chiwembu cha Moscow. Sweden yomwe inagwira sitima ya Vezhen mu Januwale 2025 poikayikira kuti yadula chingwe, inafufuza, n'kuitulutsa itapeza kuti inalidi ngozi. Amatinso mukalola dziko lililonse kumagwira sitima kutali ndi gombe lake, mawa mayiko amphamvu adzagwiritsa ntchito chilolezo chomwecho kutseka njira zamalonda, ndipo oyamba kulira adzakhala mayiko ngati lathu omwe feteleza ndi mafuta awo amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.

Ndikuvomera zonsezo, ndipo n'chifukwa chake ndikubwerera ku mbuzi ija. Tataya nthawi yambiri kufunafuna cholinga mumtima mwa kaputeni, chinthu chovuta kuchitsimikiza, pomwe wofuna kuwononga amasankhira dala nangula chifukwa nangula amaoneka ngati ngozi. Tilekanitse milandu iwiriyi. Ya ndende ikhale ndi umboni wake wolimba. Koma ya kulipira isafune cholinga: nangula wako wadula, lipira. Pa sitima zotaya mafuta m'nyanja dziko lapansi linagwirizana kale njira imeneyi mu 1969, ngozi ya sitima yonyamula mafuta ya Torrey Canyon itachitika: mwini sitima amalipira ngakhale sanachite dala, ndipo amakakamizidwa kukhala ndi inshulansi. Chomwecho chikhoza kuchitika pa zingwe. Sitima yopanda inshulansi yodalirika isalandiridwe padoko. Dziko lomwe mbendera yake yapezeka pa mlandu lipatsidwe miyezi yowerengeka, likapanda kuchitapo kanthu, mlandu upite kwa dziko lovulazidwa. Kampani ya inshulansi ikadziwa kuti nangula womasuka aidyera mayuro 60 miliyoni, idzayendera yokha makina a nangula aliyense, mosamala kuposa msilikali wa NATO, mgwirizano wankhondo wa mayiko a azungu, amene akulondera nyanja ya Baltic kuyambira Januwale 2025.

Tsopano tikweze maso kumwamba, komwe mbuzi zake ndi zonenepa kwambiri.

Ndege zimatulutsa pafupifupi 2.5 peresenti ya mpweya wa kaboni wa padziko lonse. Mukaphatikiza zina zomwe zimachita kumwambako, monga timizere toyera tija timasanduka mitambo yosunga kutentha, gawo lake pa kutentha kwa dziko limafika cha m'ma 3.5 peresenti. Makampani a ndege amakonda kunena kuti nambalayi ndi yaing'ono. Koma funsani kuti utsi wa ndege yochoka ku London kupita ku Johannesburg umalembedwa m'buku la dziko liti. Pamsonkhano wa za nyengo wa ku Kyoto mu 1997 mayiko analephera kugwirizana, ndiye anautula m'manja mwa ICAO, bungwe la United Nations loona za ndege lomwe lili ku Montreal. Bungwelo linatenga zaka 19 kuti litulutse dongosolo.

Pali chinanso chomwe chimandiwawa ndikaima pa filing'i siteshoni. Wakabaza wa njinga yamoto akathira lita imodzi ya petulo, mumtengomo muli ndalama ya misewu, muli ya magetsi akumidzi, muli misonkho ina. Ndege yopita kunja ikamwa malita masauzande ambirimbiri, pafupifupi kulikonse padziko lapansi mafutawo sakhomeredwa msonkho. Zinayambira pa pangano la ku Chicago la 1944, lomwe linati mafuta omwe ali kale m'thanki ya ndege yofika asakhomeredwe, kenako mapangano a mayiko awiriawiri anakuza mwayiwo mpaka unakuta ndi mafuta othira pabwalo pomwe. Mu 1944 zinali zomveka, ndege zinali khanda lofunika kulera. Khandalo lili ndi zaka zoposa 80 tsopano, ndevu zili mbuu, koma likadali kumbuyo.

Dongosolo lomwe ICAO inatulutsa mu 2016 limatchedwa CORSIA. Silikuti ndege zichepetse utsi. Likuti utsi wa maulendo opita kunja ukapitirira mlingo wina, makampani agule ziphaso zosonyeza kuti munthu wina kwinakwake wachepetsa utsi m'malo mwawo. Mlingowo ndi 85 peresenti ya utsi wa chaka cha 2019, kutanthauza kuti gawo lalikulu silikhudzidwa n'komwe. Mpaka 2026 dziko limalowa mwakufuna kwake, ndipo China, India, Brazil ndi Russia sanalowe. Ziphasozo zimachokera ku nkhalango monga za ku Guyana, kapena ku mapulojekiti a mbaula zosatha nkhuni ngati omwe ali m'midzi yathu. Mbaulazo ndi zabwino, mayi anga amaphikira. Koma taganizirani masamu ake: mayi wa ku Balaka amene sanaonepo mkati mwa ndege ndiye achepetse nkhuni, kuti bwana wa ku Frankfurt apitirize kuuluka mtima uli m'malo. Uku ndi kuuza mwini dimba kuti adzale mpiru wambiri kuti mbuzi ikadya pazitsalako.

Ulaya utayesa kuchita zolimba unaona zakuda. Mu 2012 European Union inalamula kuti ndege iliyonse yotera kapena kunyamuka m'mayiko ake ilipirire utsi wa ulendo wonse. America inakhazikitsa lamulo loteteza makampani ake kuti asamvere, China inaopseza kuti iimitsa kugula ndege za Airbus, India ndi Russia nawo anakana. Chaka chisanathe Ulaya unabwerera m'mbuyo, lamulolo n'kutsala la maulendo a mkati mwa Ulaya mokha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mfundo yomwe anakanira ndi yomweyo ya Eagle S: ndege yathu, mbendera yathu, mlengalenga si wanu.

Zina zomwe zimatchuka m'nyuzipepala ndi zokongoletsa chabe. France inaletsa maulendo apandege afupiafupi mu 2023 pomwe sitima yapamtunda imafika pasanathe maola awiri ndi theka, koma lamulolo linagwira njira zitatu zokha, kuchoka pa bwalo la Orly kupita ku Bordeaux, Nantes ndi Lyon. Mafuta atsopano opangidwa kuchokera ku mafuta ophikira otha ntchito ndi zinyalala, omwe makampani amawaimbira nyimbo, mu 2024 sanafike ndi 1 peresenti yomwe ya mafuta onse a ndege. Khothi la ku Amsterdam linagamula mu Malichi 2024 kuti malonda ena a kampani ya ndege ya KLM onena za kuuluka mosamala chilengedwe ankasocheretsa anthu.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi ulaliki wochititsa manyazi aliyense wokwera ndege, ngati kuti tonse tadya mofanana. Kafukufuku wina wa mu 2020 anapeza kuti m'chaka cha 2018 anthu 11 okha pa 100 aliwonse padziko lapansi ndiwo anakwera ndege, ndipo munthu mmodzi pa 100, gulu la okwera pafupipafupi lija, ndiye anatulutsa theka la utsi wonse wa ndege zonyamula anthu. Africa ili ndi anthu pafupifupi 18 peresenti ya dziko lapansi koma maulendo ake apandege ndi cha m'ma 2 peresenti. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi a tani ya kaboni pachaka. Ulendo umodzi wa London ndi New York, kupita ndi kubwera, pa mpando wamba, ndi pafupifupi tani yathunthu, zaka khumi za moyo wa Mmalawi. Wokhala kutsogolo kuja, komwe mpando umasanduka bedi, amatenga malo a anthu atatu kapena anayi, ndipo utsi wake ndi chimodzimodzi. Namwino wa ku Manchester amene wasunga ndalama zaka zitatu kuti adzaone manda a bambo ake ku Ntcheu asamuike m'thumba limodzi ndi munthu wouluka kawiri pa sabata, kapena wa ndege yakeyake.

Ndipo mpiru wodyedwawo tikuudziwa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa, ena oposa 500 sanapezeke, oposa 600,000 anasowa pokhala. Kuwerengera kwa boma ndi mabungwe kunapeza kuti kukonzanso zinthu kukufunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pamsonkhano wa za nyengo ku Dubai, mayiko olemera analonjeza ndalama zoyambira thumba lothandiza mayiko okhudzidwa ndi nyengo, ndipo malonjezo onse pamodzi anali cha m'ma madola 700 miliyoni. Thumba la dziko lonse lapansi, kukula kwake ngati bala la namondwe mmodzi m'dziko limodzi.

Choncho msonkho, ndipo ugwe pomwe pali mafuta. Tikiti ya mpando wapamwamba, ndege za anthu paokha, ndi ulendo wachisanu, wachikhumi wa munthu yemweyo m'chaka chimodzi, zikwere mtengo moti wokwerayo amve. Zimenezi zimachepetsa utsi pomwe uli wochuluka, ndipo zimabweretsa ndalama yosadalira chifundo cha nduna ya zachuma ya dziko lina. Si maloto. France inayamba kudula kamsonkho pa matikiti a ndege mu 2006, ndalama zake n'kumapita ku bungwe la zaumoyo la Unitaid, ndipo Unitaid ndi limodzi mwa mabungwe omwe analipirira kuyesa katemera wa malungo yemwe Malawi inali yoyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019. Paris sinasowe alendo chifukwa cha kamsonkhoko. Mu 2025 ku Seville m'dziko la Spain mayiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo France, Spain, Kenya, Barbados, Benin, Sierra Leone ndi Somalia, anagwirizana zolimbikitsa msonkho wa okwera mipando yapamwamba ndi ndege zapaokha. Ubwino wa msonkho wa pa tikiti ndi woti umadulidwa pansi, pabwalo la ndege, pomwe dziko lili ndi mphamvu zonse. Sufunika chilolezo cha Montreal.

Wina anena kuti Africa ikufunika ndege zambiri, osati zochepa, ndipo alendo odzaona nyanja ndi nyama ndiwo amabweretsa ndalama zakunja. N'zoona, ndipo msonkho womwe ndikunenawu sukhudza mlendo wobwera kamodzi pachaka pa mpando wamba. Komanso utsi wina wa kuno ndi wopanda pake. Munthu wochoka ku Lilongwe kupita mzinda wina wa mu Africa momwemuno amayamba wakwera kumpoto mpaka Addis Ababa kapena Nairobi, kapena kutsikira ku Johannesburg, kugona pa benchi, n'kubwereranso njira yomweyo. African Union inakhazikitsa msika umodzi wa maulendo apandege mu 2018, koma maboma akukakamirabe kuteteza timakampani tawo. Njira yolunjika ndi yotsika mtengo komanso yochepa utsi. Nafenso tisadziyeretse. Aliyense wogwira ntchito m'boma kapena m'mabungwe akudziwa maulendo omwe cholinga chake chenicheni ndi alawansi. Pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma mu Novembala 2023, iye mwini osapita ku msonkhano wa ku Dubai uja, chifukwa chinali kusowa kwa ndalama zakunja, osati nyengo, koma dziko silinaime.

Malawi ilibe gombe la nyanja yamchere, komabe ili ndi mpando ku ICAO, ili ndi mpando ku IMO, bungwe loona za sitima ku London, ndipo voti yake ndi yofanana ndi ya Panama. Dziko lopanda gombe ndilo liyenera kufuula kwambiri pa nkhani ya zingwe, chifukwa intaneti yathu imadutsa m'minda ya anansi isanafike kunyanja, ndipo chingwe chikaduka sitikhala ndi khothi, doko kapena bwato loti tikagwire nalo munthu. Pamene ITU, nthambi ya United Nations yoona za mauthenga, inakhazikitsa gulu la alangizi pa chitetezo cha zingwezi kumapeto kwa 2024, nduna ya ku Nigeria Bosun Tijani n'kukhala mmodzi wa apampando ake, msonkhano woyamba waukulu n'kuchitikira ku Abuja, zokambirana zambiri zinali za kufulumizitsa zilolezo ndi kukonza msanga. N'zofunika. Mbali yaikulu ya gombe la Africa imadalira sitima yokonza zingwe ya Léon Thévenin, yopangidwa mu 1983, yomwe imakhala ku Cape Town. Mu 2024 inathamangira kumadzulo kwa Africa mu Malichi, n'kuzungulira kudzakonza zathu zija mu Meyi. Koma kukonza msanga popanda wolipira ndi kumangira mpanda mbuzi za eni. Ndalama yokonzera imabwerera kwa eni zingwe, iwo n'kuiika mu mtengo wogulitsira makampani a foni, ndipo pomaliza imapezeka mu bandulo yanga ya Loweruka ija.

Zingwe za ku Durban zinatenga pafupifupi masabata atatu kuti zilumikizidwe. Za ku Red Sea zinadikira miyezi, chifukwa maboma awiri olimbirana Yemen ankakanganirana woyenera kupereka chilolezo kwa okonza. Chaka chotsatira bungwe lija la msonkhano wa pa Zoom linalembanso kalata. Linati poona mavuto omwe anzathu a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa anakumana nawo pa intaneti, msonkhano wa chaka chino tikumana maso ndi maso. Tikiti inali momwemo: Lilongwe, Addis Ababa, kudikira maola asanu ndi limodzi, kenako Ulaya. M'munsi mwake munali kabokosi kofunsa ngati ndingakonde kuwonjezera madola pang'ono kuti adzale mitengo. Ndinapita, ndipo kabokosiko sindinachonge.